Pulinta ya kala yopangira timabuku pakhomo: yotchipa kwenikweni ndi iti?

Funso ili likumabwerabwera masiku ano, makamaka kwa anthu amene atopa ndi kuthamangira ku Limbe kapena m'tauni nthawi zonse akafuna kupulinta pulogalamu ya chinkhoswe, kabuku ka nyimbo za kwaya, manotsi a ana a sukulu yamkaka, malebulo omata pa mabotolo a uchi ndi chiponde, kapenanso ndakatulo zawo zimene zangokhala mu foni zaka ndi zaka. Munthu amaganiza kuti bwanji ndingogula pulinta yanga ya kala ndizipangira pakhomo. Ganizo labwino ndithu. Koma akangolowa mu shopu mutu umazungulira, chifukwa apeza mapulinta awiri ofanana kukula, onse akutulutsa kala, onse akupanga fotokope, koma ina mtengo wake ukuwirikiza kangapo inzakeyo. Wogulitsa wina akuti tengani ya thanki bwana, wina akuti laser ndiye dilu, m'bale wa ku Joni nayenso akuti musagule ndikutumizirani.

Sindikuuzani kuti gulani yakutiyakuti, chifukwa ntchito zathu nzosiyana. Chimene ndikufuna muchigwire ndi chakuti mtengo umene wamatidwa pa bokosi paja ndi chiyambi chabe. Ndalama zenizeni zimaoneka pa tsamba lililonse limene pulintayo ikutulutsa, komanso tsiku limene yavuta, kuti kodi inki yake ndi munthu woikonza akupezeka mu Blantyre muno kapena ayi.

Inkjet, ija yolavula inki

Iyi ndi pulinta yogwiritsa ntchito inki yamadzimadzi. Mukasuzumira mkati ikugwira ntchito muona kachinthu kakuthamanga kupita kumanja kubwerera kumanzere, okonza mapulinta amati hedi. Kunsi kwake kuli timabowo tambirimbiri tochepa kuposa tsitsi la m'mutu, ndipo timabowoto ndi timene timalavula timadontho ta inki pa pepala, pepalalo likusuntha pang'onopang'ono mpaka tsamba lonse latha.

Njira zolavulira zilipo ziwiri. Canon ndi HP amatenthetsa inkiyo mwadzidzidzi, imachita kathovu, kathovuko nkukankhira kadontho kunja. Nzeru imeneyi inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, HP inatulutsa ThinkJet mu 1984 kenako DeskJet mu 1988, dzina limene mpaka lero mukuliona m'mashopu. Epson inatenga njira ina, hedi yake siitenthetsa inki, ili ndi tizidutswa timene timapindika magetsi akadutsamo nkufinya inkiyo kuti ituluke, ndipo mapulinta a hedi yake yotchedwa Micro Piezo anayamba kugulitsidwa mu 1993.

Mwina mukuti zimenezi zikundikhudza bwanji ine wongofuna makadi a ukwati. Zidzakukhudzani tsiku limene hedi yatsekeka. Mu ma HP ndi ma Canon otchipa aja hedi imakhala pa katiriji, kabokosi ka inki, pomwepo, mukagula katiriji yatsopano mwagulanso hedi yatsopano. Mu Epson hedi ndi ya mkati mwa makina, imakhalitsa kwambiri, koma ikafa si ntchito ya inu ndi ine, ndi ya tekinishani, ndipo mtengo wake umatha kukupangitsani kuganiza zongogula pulinta ina.

Katiriji: apa mpamene ambiri akulirira

Katiriji ndi kabokosi kosunga inki kamene mumagula kodzaza kale, kakatha nkugula kena. Pafupifupi mapulinta onse otchipitsitsa ndi a mtundu umenewu, ndipo kutchipako si mwangozi. Makampani anazindikira kalekale kuti akhoza kugulitsa makinawo pa mtengo wotsika, phindu nkumadzalitola pa inki mwezi ndi mwezi. Si kuba ayi, ndi mmene anaikonzera geni yawo, ndipo kwa munthu wopulinta masamba ochepa pa mwezi, kalata yofunsira ntchito kapena homuweki ya mwana, zimamuyendera ndithu.

Koma taonani manambala. Katiriji wamba ya HP 123, imene imalowa m'ma DeskJet ambiri ogulitsidwa kuno ku Africa, kampani yake imalemba kuti yakuda imatulutsa masamba pafupifupi 120, ya kala pafupifupi 100. Tsono tiyerekeze mukupanga kabuku ka masamba 24, kukula kwake theka la A4, makope 100. Kabuku kamodzi kakufuna mapepala 6 a A4 opulintidwa mbali zonse, ndiye makope onsewo ndi mapepala 600, mbali 1,200. Gawani ndi 120, mwapeza makatiriji akuda 10 pa ntchito imodzi yokha, a kala sitinawerenge. Zili ngati mayi wokazinga mandasi ogulitsa amene akugula mafuta a m'timachubu pa okala m'malo mwa chigubu, tsiku lililonse satulutsa zambiri koma mwezi ukamatha apeza phindu lonse lapita ku mafuta.

China, katiriji ya kala ya mapulinta amenewa imasunga mitundu itatu pamodzi, ndiye wachikasu ukatha ina iwiri ikadalipo, basi yonse yatha ntchito. Nchifukwa chake anthu anayamba kudzazitsa, anyamata amathiramo inki ndi jakisoni kudzera pa timabowo ta pamwamba pansi pa sitika, ndipo imagwiradi ntchito maulendo angapo hedi yake isanatope. Makampani nawo anayankha poika kachipi pa katiriji kuti pulinta izizindikira yake. Mu 2016 kunali mkangano waukulu pamene mapulinta ena a HP, atalandira pulogalamu yatsopano kudzera pa intaneti, anayamba kukana makatiriji a makampani ena. HP imati ikuteteza makina ndi luso lake, ogula amati pulinta ndinagula ndi yanga ndithiremo chimene ndikufuna, ndipo mkanganowu sunathe mpaka pano.

Za m'bale wotumiza pulinta kuchokera kunja, chenjerani apa. HP imagawa makatiriji potengera chigawo cha dziko, DeskJet imene kuno ikufuna 123, ku Ulaya imafuna 302, ku America 63, ndipo ya kuno mukaiika mu pulinta ya ku London imakana ngakhale ikukwana bwinobwino pamalo pake. Za ku America zina zinapangidwiranso magetsi a 110 mpaka 120 volts pamene athu ndi 230, ndiye musanalumikize werengani kasitika ka kumbuyo. Mphatso ndi mphatso inde, koma funsani nambala ya katiriji isanakwere ndege kapena basi.

Ya thanki

Ndi inkjet yomweyo, kungoti m'malo mwa katiriji ili ndi timathanki tinayi toonekera kunja timene mumathiramo inki ya m'botolo. Nzeru imeneyi anayambitsa ndi amisiri a m'misika, makamaka ku Asia, amene ankamangirira mabotolo ndi timapaipi pa mapulinta a katiriji pothawa mtengo wa inki. Epson itaona kuti anthu atsimikiza, inapanga yakeyake ya ku fakitale nkuyamba kuigulitsa ku Indonesia mu 2010. Canon inabwera ndi PIXMA G, HP ndi Ink Tank ndi Smart Tank. Pano geni yatembenuka, makinawo mumagula modula koma inki ndi yotchipa.

Botolo la inki ya Epson 103, imene imalowa mu L3210 ndi L3250, ndi la 65 ml, ndipo kampani imalemba kuti lakuda limatulutsa masamba 4,500, a kala atatu pamodzi 7,500. Yerekezani ndi 120 ija, botolo limodzi likuimira makatiriji oposa 37. Kabuku kathu ka mbali 1,200 kaja sikafika ngakhale theka la botolo.

Ndiye bwanji aliyense osangogula imeneyi? Chifukwa nayo ili ndi khalidwe lake. Siifuna kukhala. Mukaisiya mwezi kapena iwiri osaigwiritsa ntchito, makamaka Okutobala kukutentha ndi fumbi lake lija, inki imauma pa timabowo ta hedi. Mukapulinta katsamba koyesera kamene amati nozzle check muona mizere yopendekera ya mitundu inayi, yathanzi imakhala yolumikizana bwino, yodwala imakhala ndi mipata ngati wina waifufuta ndi labala, ndipo nkhope ya mkwatibwi imatuluka ndi mizere yoyera yopingasa. Mankhwala ake ndi kuiuza kuti idzitsuke, koma kutsukako kumamwa inki, ndipo inki yotsukirayo imapita ku timasiponji tili pansi pa makina. Pulinta imawerenga yokha kuti timasiponjito tamwa zochuluka bwanji, tsiku lina imangoima magetsi ake nkumaphethira, Canon imalemba 5B00, Epson imati ikufunika sevisi. Ambiri amaganiza kuti yafa pamene ayi. Matekinishani amairiseta ndi pulogalamu ya pa kompyuta, koma kuriseta osasintha kapena kuchapa siponji ndiye mudzapeza inki yakuda ikuchucha pa tebulo. Mapulinta ena atsopano, monga Canon G3420, ali ndi kabokosi ka inki yotayika kamene mumasintha nokha. Musanagule funsani funso limeneli, komanso ngati kabokosiko kakupezeka mu shopu yomweyo.

Liwiro nalo ndi lochepa. L3250 imatulutsa masamba pafupifupi 10 akuda pa mphindi, a kala 5, ndipo siitembenuza pepala yokha. Mbali 1,200 za kala ndi maola anayi mutakhala pambali pake, kuthira mapepala, kutembenuza, kuyang'ana kuti sinakoke awiri nthawi imodzi. Pulogalamu ya maliro imene akuifuna mawa mmawa imakugonetsani mochedwa.

Laser

Iyi ilibe inki yamadzi. Imagwiritsa ntchito toner, ufa wosalala kwambiri wosakaniza ndi pulasitiki. Kuwala kwa laser kumajambula tsamba pa chigubu chozungulira chimene amati dramu, ufa uja umakakamira pamene pajambulidwa, umasamukira pa pepala, kenako pepala limadutsa pa mbali yotentha pafupifupi madigiri 200 imene imasungunula ufawo nkuumatirira. Nchifukwa chake pepala limatuluka lofunda. Muzu wake ndi fotokope imene Chester Carlson anatulukira mu 1938, ndipo Gary Starkweather wa ku Xerox ndi amene anaphatikiza nzeruyo ndi laser cha m'ma 1970. HP inatulutsa LaserJet mu 1984, Apple nkutulutsa LaserWriter mu 1985, chaka chimene kunabweranso PageMaker, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera masamba a mabuku, ndipo apa mpamene nkhani yoti munthu akhoza kukonza buku lonse pa tebulo lake inayambira. LaserWriter imeneyo inali pafupifupi madola 7,000 ndipo inkatulutsa zakuda zokha.

Ubwino wa laser ndi woonekeratu. Zilembo zimatuluka zakuthwa ngakhale pa pepala wamba, imathamanga, zambiri zimatembenuza pepala zokha, madzi akagwera pa tsamba silisungunuka, ndipo mukhoza kuisiya miyezi itatu mudzaipeza ili bwinobwino chifukwa ufa suuma. Kuvuta kwake, laser ya kala ili ndi ma toner anayi, amene amabwera nayo mu bokosi nthawi zambiri amakhala odzaza pang'ono chabe, ndipo kugula onse anayi atsopano pa mapulinta ang'onoang'ono kumatha kuyandikira mtengo wa pulintayo. Patsogolo pakubwera dramu, lamba wonyamula mitundu ndi fuser, mbali yotentha ija, zonsezi zimatha. Zithunzi za anthu zimatuluka bwino ndithu pa pulogalamu ya mwambo, koma sizifika pa kusalala kwa inkjet pa pepala lonyezimira. Ndipo pepala lonyezimira la inkjet musaliyese mu laser, mankhwala a pamwamba pake amasungunuka nkumatirira mkati.

Ndiye pali magetsi, nkhani imene mabuku a makampaniwa saiganizira koma ife timakhala nayo. Pulinta ya thanki ikamagwira ntchito imadya mawatsi pafupifupi 12, imayenda pa ka inverter kapena sola ya pakhomo popanda vuto. Laser imadya mawatsi mazana angapo ndipo ikamatenthetsa imatha kuyandikira 1,000, ka UPS kakang'ono, kabatire kosungira magetsi a kompyuta, kamangolira nkuzima. Amene anali mu geni yopulinta mu 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, akukumbukira mmene zinalili kudikira magetsi a ESCOM pakati pa usiku kuti amalize ntchito ya kasitomala. Epson inalengeza mu 2022 kuti isiya kugulitsa mapulinta a laser pofika 2026 ponena za magetsi omwewa ndi chilengedwe, koma HP, Canon, Brother ndi Kyocera akupangabe, ndiye musamve zoti laser yatha.

Ma laser akuluakulu a kaunjika ochokera m'maofesi akunja amakopa chifukwa ndi olimba ndipo toner yake ndi yaikulu. Pulintani kaye tsamba losonyeza kuti yatulutsa masamba angati chiyambire komanso dramu yatsala bwanji, mapulinta amenewa amasunga mbiri yawo.

Inki si imodzi: dye ndi pigment

Dye ndi utoto wosungunuka m'madzi, umalowa mu pepala, mitundu yake imawala bwino. Pigment ndi tizidutswa ta utoto toyandama m'madzi timene timakhala pamwamba pa pepala madziwo akauma. Kusiyana kwake mumakuona pa maliro nthawi ya dzinja, munthu wagwira pulogalamu m'manja mwa thukuta, kamvula kawaza, zilembo za dye zimayamba kuyenderera, chakuda chija nkusanduka chofiirira m'mbali, dzina la malemu osawerengekanso. Pigment imapirira madzi komanso dzuwa kuposa dye. Epson L3250 ndi ya dye mitundu yonse inayi, ma Canon G ambiri chakuda ndi pigment mitundu ina ndi dye. Wopanga malebulo a mabotolo olowa mu firiji kapena kalenda yopachika pafupi ndi windo, nkhani iyi ndi yaikulu kwa iye kuposa liwiro. Wopanga kabuku kowerengera m'nyumba asadandaule nayo kwambiri. Osasakaniza mitundu iwiriyi mu thanki imodzi, ndipo inki ya sublimation yopulintira matisheti ndi makapu ndi ina yosiyana, pulinta imene mwaithira imeneyo yakhala ya ntchito yomweyo basi.

Masamba 4,500 aja amawerenga bwanji?

Osati ndi ntchito ngati yanuyo. Makampani amayesa ndi muyeso wa ISO, bungwe loona za miyeso pa dziko lonse, pa inkjet ndi ISO/IEC 24711, ndipo amagwiritsa ntchito masamba asanu a mu ofesi, kalata, matchati ndi zina zotero, akupulinta mosalekeza. Pa laser yakuda tsamba loyesera limakhala ndi toner pafupifupi 5 peresenti yokha ya pepala lonse. Muyesowu unabwera kuti ogula azitha kuyerekeza pulinta ina ndi ina mwachilungamo, ndipo pa ntchito imeneyo ndi wothandiza. Koma chikuto cha kabuku chokhala ndi chithunzi kuchokera ngodya mpaka ngodya chimamwa inki ya masamba ambirimbiri oterewa, kuwonjezera imene imapita potsuka hedi ndi imene imadzaza timapaipi tsiku loyamba. Powerengera mtengo wa tsamba tengani mtengo wa inki kapena toner yonse, gawani ndi theka la nambala imene alemba ngati ntchito yanu ili ndi zithunzi, onjezani mtengo wa pepala. Pa pulinta ya thanki mudzadabwa kuona kuti pepala ndi limene likudya ndalama zambiri kuposa inki.

Chifukwa chiyani kala ya pa foni siituluka chimodzimodzi?

Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu. Pepala lilibe kuwala kwake, limangobweza kumene lalandira, ndiye pulinta imasakaniza inki zinayi, cyan amene ndi buluu wotuwa, magenta amene ndi pinki wakuya, chikasu ndi chakuda. Kusindikiza posanjikiza mitundu yochepa chonchi kunayamba ndi Jacob Christoph Le Blon kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Mitundu ina yowala pa foni, buluu wa madiresi a operekeza mkwatibwi kapena pepo, inki zinayi sizingaifikire, imatuluka yozimirira pang'ono ngakhale pulinta ikhale yodula bwanji. Mapulinta a zithunzi monga Epson L805 ndi L1800 ali ndi mitundu isanu ndi umodzi kuti khungu ndi mitambo zisalale. Golide wonyezimira wa pa makadi a ukwati uja satuluka mu inki wamba, imangokupatsani chikasu chodera.

Za dpi, kuchuluka kwa timadontho pa inchi iliyonse, musanyengeke ndi 5760 yolembedwa pa bokosi, chimene chimapha ntchito zambiri ndi chithunzi chimene mwapatsidwa. Kuti chidzaze A4 bwino chimafuna ma pixel, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi 2,480 m'lifupi ndi 3,508 m'litali. Chithunzi chimene chayenda pa WhatsApp kuchoka kwa azakhali kupita kwa tcheya wa komiti kenako kwa inu chafinyidwa kale, pa foni chimaoneka bwino koma pa pepala ndi timabokosi. Auzeni atumize ngati document. Ntchito yanu muzisunga ngati PDF musanapulinte kuti masamba asasokonekere komanso chilembo cha ŵ chisasanduke kabokosi pa kompyuta ina.

Mapepala ndi kupinda

A4 ndi 210 mm ndi 297 mm. Muyeso umenewu unayamba ku Germany mu 1922 ndipo ubwino wake ndi woti mukapinda pakati mumapeza saizi yotsatira, A3 kupinda ndi A4, A4 kupinda ndi A5. Ndiye pulinta ya A4 imakupangirani kabuku ka A5, koma magazini ya A4 yopinda pakati imafuna pulinta ya A3, imene ndi yodula kwambiri. Ganizirani zimenezi musanagule, osati mutagula.

Nambala ya 80 gsm pa rimu ya Typek kapena Rotatrim ikutanthauza kulemera kwa pepala, limodzi la A4 ndi magalamu 5, rimu ya mapepala 500 ndi makilo awiri ndi theka. Pa zilembo zokha 80 ndi yabwino. Zithunzi za inkjet mbali zonse zimaonekera kuseri ndipo pepala limachita mafunde, pamafunika 100 kapena 120. Chikuto chimafuna khadi ya 160 kupita mtsogolo, ndipo apa yang'anani kumene pepala limalowera. Pulinta yolowetsera kumbuyo pepala limayenda mowongoka ndithu, imalandira khadi mosavuta, yolowetsera mu thireyi ya pansi imalipinda pepala ndipo khadi yolimba imakodwa. Nthawi ya mvula ndi ya chiperoni mapepala amamwa chinyezi nkumamatirana, rimu mukatsegula muziisunga mu pulasitiki yake, osati pansi pa simenti. Pulintayo muziivundikira ndi nsalu, mphemvu zimakonda malo ofunda a mkati mwake.

Kabuku kopinda pakati masamba ake ayenera kugawika ndi 4, ndipo sapulintidwa motsatana. Mu kabuku ka masamba 24, tsamba 24 ndi tsamba 1 zimakhala mbali imodzi ya pepala, kuseri kwake 2 ndi 23. Adobe Acrobat Reader ili ndi batani la Booklet limene limasanja lokha, Word ili ndi Book fold. Pangani kope limodzi kaye, pindani, werengani kuyambira poyamba mpaka pomaliza musanalamule 100. Mu bajeti muikemo sitepula ya mkono wautali yofika pakati pa pepala ndi chodulira mapepala, chifukwa kabuku kokhala ndi m'mphepete mosalingana kamaoneka kotchipa ngakhale kala yake ikhale yokongola.

Nanga ku kampani yosindikiza?

Blantyre ndi mzinda wa osindikiza kuyambira kale, a mishoni ya Blantyre ankatulutsa magazini ya Life and Work kuyambira 1888, ndipo nyuzipepala ya Daily Times mizu yake ili mu 1895. Makina akuluakulu a offset amayamba ndi kupanga mapuleti a tsamba lililonse ndi mtundu uliwonse, ndiye kope loyamba ndi lodula kwambiri koma la 1,000 limakhala lotchipa zedi. Pulinta ya pakhomo kope loyamba ndi lomaliza mtengo ndi umodzi. Mphamvu yake ili pa makope ochepa, ofunika msanga, osinthasintha, lero 30 sabata ya mawa 20 mutakonza zolakwika. Ena amaphatikiza, zikuto za kala pa thanki kunyumba, masamba a mkati akuda pa laser yakuda kapena fotokope, ndipo kwa ine njira imeneyi ndi yoyenera kuiganizira kaye musanathamangire laser ya kala.

Zimene zikadali poyera

Choyamba ndi kwacha. Pulinta, inki ndi mapepala zonse zimachokera kunja, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zikasowa katundu amasowanso m'mashelefu. Masamu amene mwapanga lero adzagwirabe ntchito chaka chamawa? Kugula inki yambiri nkusunga kumathandiza, koma nayo ili ndi deti yake yothera.

Chachiwiri ndi inki yosakhala ya kampani. Opanga mapulinta amati imatseka hedi ndipo vuto lobwera nayo waranti siiliona, ogwiritsa ntchito ena amati akhala nayo zaka popanda vuto, ena analira. Pa katiriji kusiyana kwa mtengo ndi kwakukulu, pa thanki inki yeniyeni ndi yotchipa kale, ndiye kodi kupulumutsa pang'onoko nkoyenera kuika hedi pa chiswe? Komanso wogula wamba adziwa bwanji kuti botolo lolembedwa dzina la kampani ndi lenilenidi, ndipo waranti imene wapatsidwa pa kauntala ikagwira ntchito kuti, mu shopu yomweyo kapena mpaka kunja kwa dziko?

Palinso za malamulo. Kupulinta ndakatulo zanu ndi ufulu wanu, koma kabuku ka nyimbo za ena kapena manotsi otengedwa m'mabuku a sukulu zimagwa pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku lililonse, imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba, kumenenso lamulo limati wosindikiza buku azipereka kope. Kodi timabuku topinda pa tebulo ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, makope 50 ogulitsa pa tchalitchi, tikufikako kumeneko, kapena zaka makumi awiri zikubwerazi sipadzapezeka ngakhale kope limodzi, makamaka poti tambiri ndi ta inki ya dye imene imazimirira?

Makatiriji otha, ma toner ndi mapulinta akufa akupita kuti, poti ambiri akungothera kudzala limodzi ndi zinyalala zina? Ndipo funso limene aliyense ayenera kuyankha ndi ntchito yake m'manja: pa mwezi mudzapulinta masamba angati, angati mwa amenewo ndi a kala, ndipo anthu amene mukuwapangirawo adzatulutsa ndalama kugula kabuku ka pepala kapena adzangoti titumizireni PDF pa gulupu?